Miyoyo Itatu

A Mzumara anandipeza ndikuwotcherera geti ya sukulu,
m'manja atagwira foni yong'aluka galasi.
Akuti, "Mmisiri, ichi chili umumu
undichitulutsire,
chiime kuseri kwa depoti, pa dothi la Kasungu lino,
ana achikwere ndi matupi awo."

Ndinasuzumira.
Kamunthu kochepa ngati nsawa
kankathamanga pa mlatho wa moto
kakumeza ndalama zolenjekeka m'mwamba.
Kanaterereka, kanagwa m'dzenje, kanafa.
Ndisanaphethire n'komwe kanadzukanso,
kopanda bala,
kopanda ngongole ya bokosi.

Ine gemu sindinaigwirepo chibadwire,
zala zangazi zimadziwa chitsulo chamoto basi.
Ndiye ndinalemba ganyu Sungeni,
mwana wanga wa sitandade seveni,
yemweyo ndinamukalipira chaka chathunthu
pothera ndalama za kuchigayo
m'kanyumba ka magemu ka pamsika.
Tsopano kapitawo anali iye.
"Ayi ababa, chinjoka sichimwetulira choncho.
Apa ndi levulo yachiwiri, pazichita mdima.
Chitseko chisatseguke wamba,
munthu ayambe wavutika kupeza kiyi."

Migolo itatu ya dizilo tinaidula pakati,
zombo zisanu ndi chimodzi za m'mlengalenga.
Ekiselo ya thirakitala yofera ku esiteti ya fodya
inakhala msana wa chizungulire chonse.
Zivundikiro za zitini tinazipaka chikasu,
n'kuzipachika pa waya, ndalama zija ndi zimenezo.
Chinjoka chinadya matayala makumi awiri,
mano ake makasu otha.
Magetsi anathima Lachitatu n'kubwera Lachisanu usiku,
ndinawotcherera mpaka atambala,
maso ngati wina wathiramo tsabola.

Tinayambana pa chinthu chimodzi chokha.
Pa khomo ankafuna chikwangwani chakuti
ULI NDI MIYOYO ITATU.
Ndinaponya burashi pansi.
M'fonimo inde, mwanawe,
koma kuno bawuti imodzi ikamasuka
palibe batani loyambiranso.
Mwana wa eni ali ndi moyo umodzi,
ndipo waukhazika pa mpando
umene ndalumikiza ine.

Sanandiyankhe.
M'mawa anabwera ndi jumbo ya zitsekerero za mabotolo.
Wolipira azipatsidwa zitatu, akutero,
ukaphonya ndalama yachikasu, chimodzi chapita.
Ndinalola chikwangwanicho.
Koma usiku ndinabwerera ndi tochi ndi sipanala,
mfundo iliyonse ndinaigogoda katatu.

Tsiku lotsegulira linagwa m'nyengo ya fodya.
Alimi ochokera ku Chinkhoma, matumba akadali ofunda,
ana a ku Mtunthama atatuatatu pa kabaza,
mayi wa zitumbuwa amene anadzipatsa yekha malo
pansi pa mchira wa chinjoka.
Jenereta inatsokomola kawiri n'kuvomera.
Mnyamata wina anatuluka m'kamwa mwa chilombocho
kiyi ali m'manja, mphuno ili fumbi lokhalokha,
akukuwa kuti wamaliza dziko lonse.
A Mzumara ankawerenga ndalama.
Ine ndinkawerenga kulira kwa zitsulo.

Anthu atatha, Sungeni ananditambasula dzanja
n'kuikamo zitsekerero zitatu.
Ndinadzipinda m'theka la mgolo, maondo pachibwano.
Malata a pa boma anayamba kuthamanga,
phiri linadutsa kumanzere,
linadutsanso,
ngati likundifunafuna.
Ndinatambasula mkono kuti ndigwire
chivundikiro chimene ndinapaka ndekha.
Ndinagwira mphepo.

"Mwafa, ababa!" anakuwa ali pansi,
"yatsala iwiri!"

Ndinaseka mpaka misozi kuuluka cham'mbali,
munthu wa imvi, womwalira, ndikuzungulirabe.
Koma khutu limodzi silinakwere nawo,
linatsala pa ekiselo paja
kumvetsera bawuti.