Mboni Zopanda Makutu

Unati Loweruka, Jerevaziyo.
Unanena utatsamira njinga yako yamoto
pansi pa msawu, kuseri kwa nyumba yanga ku Mowatize,
fumbi la malasha lili m'nsidze.
Mphiri ziwiri ndi songo imodzi,
theka la ndalama lero, theka pobwera.
Ndinakufunsa za chakudya chake ukachedwa.
Unaseka, unati tidzaonana, achimwene,
tinagwirana chanza,
ndipo chanza chimenecho ndicho pepala lathu lonse.

Loweruka linadutsa, linadutsanso lina.
Masabata khumi ndi limodzi.

Mphiri sidya lonjezo.
Ana a kwa Fulujensiyo amagulitsa khoswe mametikali khumi,
wamoyo, wogwidwa m'nkhokwe m'mamawa,
pakuti songo wakufa imangomuyang'ana.
Ndalemba ndi khala pakhoma la khitchini,
mizere makumi anayi ndi itatu, kawerenge.
Sefa wa bokosi anadyedwa ndi dzimbiri, ndinagula wina.
Mu Okutobala, dzuwa la kuno likuwotcha miyala,
ndinkadzuka usiku kunyowetsa masaka
kuti katundu wako asafe ndi kutentha.
Felizimina anabereka mwana n'kukwera shapa ya ku Zobwe
tsiku limene anapeza chivindikiro chitasuntha
mpata wa chala chimodzi.
Sanabwererebe.
Zimenezo ndiziike pa mtengo wanji?

Lero wafika ndi thumba, ndi theka lako lija,
ukuti za kusunga sitinapangane.
Ukuti tidzaonana ndi mawu otsanzikirana chabe,
amene munthu amauza ngakhale wogulitsa matimati.
Ukuti njoka zinali zanga mpaka utatsiriza kulipira,
ndiye ndimadyetsa zanga zomwe.
Nanga mkulu wa ku Beira uja atabwera
ndalama zonse zili m'manja,
ndani anakuwa pa foni kuti izo n'zogulidwa kale?
Zikamva njala n'zanga,
zikapeza wogula n'zako.

Panalibe munthu tsiku lija, ukudziwa,
n'chifukwa chake mawu ako akwera chonchi.
Mboni zathu ndi zitatu izi zadzipinda m'bokosi,
zopanda makutu,
zongotulutsa lilime la nsonga ziwiri,
ina ya mawu ako, ina ya anga.
Kwa sekeletale wa dera sitingapite.
Adzayamba ndi kufunsa chilolezo,
ndipo tonse tidzayang'ana pansi.

Chabwino, ndavomera. Palibe ngongole.
Koma bokosi ndi langa, ndinakhoma ndekha.
Loko ndi wanga, sefa ndi wanga,
ndodo yokowera ija ndi yanga, ndi magolovesi omwe.
Zako ndi njoka zokha,
zonenepa bwino ndi makoswe amene sunagule,
ululu utadzaza mpaka m'mano.
Songo sinadye kuyambira Lachiwiri.

Ndikutsegula tsopano.
Pinda malaya, sendera kuno,
utenge katundu wako.