Waya Wobwerera

Potsika mtsetse wa ku Mvera
ndinamva kalavani ikundikankha pamsana
ngati mwini ngongole amene watopa kudikira.
Ndinaponda buleki. Pikapu inamvera.
Chakumbuyocho ayi,
chinabwera ndi mabedi ake, makina oyezera maso,
mabokosi a magalasi a anthu a ku Khombedza,
zonse zikufuna kundipitirira.
Ndinatsika ndi giya wachiwiri, m'manja muli thukuta,
fungo la mabuleki opsa likulowa pa windo.

Pa Kamuzu Road, kuseri kwa ogulitsa matayala akale,
Che Sadiki anagwira dilamu ya pikapu
n'kuchotsa dzanja msanga.
Anagwira ya kalavani: zii.
"Awa agwira ntchito ya anthu awiri," anatero.
"Awa angokwera ulere."

Tinayamba ndi kabokosi ka pansi pa chiwongolero.
Anakweza nambala, sikisi, seveni, mpaka teni,
ine ndikukoka pang'onopang'ono pa fumbi.
Matayala a kumbuyo ankangogubuduka, osadandaula.
Fyuzi inali yamoyo.
Pulagi tinaizula: mano asanu ndi awiri,
awiri obiriwira ngati khobidi lokwiririka.
Anawapala ndi kampeni, kuuzira, kubwezera.
Zinasintha, koma pang'ono,
ngati mchere wa kumapeto a mwezi.

Jeke inakwera.
Tayala linazungulira mopepuka kwambiri,
nsapato za buleki zili patali ndi dilamu
ngati mkamwini ndi apongozi.
Anatembenuza kagudumu ka mano,
kete, kete, kete,
mpaka tayala linayamba kukhula, n'kubweza pang'ono.
Kumanzere girisi anali atathawa m'malo mwake
n'kudzoza nsapato zonse.
"Zimenezi sachapa. Amataya."
Ndinawerenga ndalama m'thumba, osazitulutsa.

Tinayesanso. Kalavani inagwira ngati ikuchita manyazi.

Dzuwa la Salima linakhala pa liwombo.
Kumzikiti anaitana,
Che Sadiki anasamba m'manja napita.
Anatsala Zaituni, mwana wawo wa Fomu Fili,
amene chiyambire m'mawa ankangopatsira masipanala.
Anakwawira pansi pa kalavani
ndi kababu ka mawaya awiri.
"Pondani."
Ndinaponda.
"Pondaninso."
Kababu kankayaka mwaulesi, diso la wodwala malungo.
Chete. Kenako kuseka.
Anatuluka mpango uli mbuu,
akuloza waya woyera womangidwa ku chitsulo
ndi bawuti yodyeka ndi dzimbiri.
"Moto ukupita, koma ulibe pobwerera.
Maginito sagwira ngati moto sukubwerera kwawo."

Anapala chitsulocho mpaka chinang'anima,
bawuti yatsopano, kumanga zolimba.
Nditaponda, madilamu onse anayi analira
ngati njuchi m'mphako.
Pa fumbi matayala anakanda mizere iwiri,
kalavani inandigwira m'chiuno mwaulemu.

Che Sadiki atabwerako anayang'ana mizereyo,
anayang'ana mwana,
sananene kanthu.
Anangowonjezera faifi sauzande pa mtengo.

Tsopano tili ku Khombedza.
Anamwino akuloza zilembo pa khoma,
bambo wina wavala magalasi, akuseka zikhatho zake.
Ine ndakhala mu pikapu, chitseko chotsegula,
ndikutokosa girisi m'zikhadabo.
Zaka zinayi ndakhala ndikutumiza ndalama pa foni
kwa amayi ku Mayani,
mwezi ndi mwezi, sindinaphonyepo.
Uthenga umabwera: zalandiridwa.
Denga analikonza, ndinangomva.
Mlongo wanga anabereka, mwanayo akuyenda, ndinangomva.
Moto ukupita.

Loweruka kalavani idzagona pa chipatala.
Ndafunsa kale mtengo wa minibasi,
ndafunsa kawiri,
kondakitala mpaka wandifunsa
ngati ndikukwera kapena ndikungowerenga matayala.