Makilomita a Twaibu

Galimoto ya achimwene yagona patsinde pa mtengo wa mango
miyezi isanu ndi iwiri tsopano,
yazitseko ziwiri, yofupika ngati fulu,
yofiira ngati tsabola wakupsa.
Idabwera kuchokera ku Joni ndi matayala ake,
eni ake adabwera pambuyo, m'bokosi.

Anthu kuno ku Mpondasi akuti ndiigulitse,
msewu wathu sufuna galimoto yokwawa ndi mimba.
Ine ndati iyayi,
ndiyambe ndaiona bwino kumaso.

Pakuti ukaliza injini usiku
dashibodi imayaka mwatheka:
kumbali ya liwiro mdima bii,
kumbali ya mafuta kachikasu kotopa
ngati koloboyi amene palafini wamuthera.

Loweruka ndidayala chitenje pakhonde.
Ndidayamba ndamasula waya wa batire,
paja Sumani wa kugalaja adandichenjeza:
"Ukaiwala, ndalama zako udzazinunkhiza ngati utsi."
Masikuluwu anayi,
lachinayi lobisala kuseri kwa chiwongolero,
ndidawasunga m'kapu ya tiyi.
Pulasitiki yakale imadandaula ukaikoka,
the! the! ngati nthiti,
mpaka bokosi lonse la mawotchi
lidagona pamiyendo panga ngati khanda,
mawaya ali lende.

M'kati mwake ndidapezamo fumbi la maiko anayi,
phiko la njenjete,
ndi timababu tonga nyemba, mitu itada.
Tatsopano ndidagula pamsika wa paboma,
tabuluu, m'kathumba kopanda dzina.
Singano ndidazizula ndi foloko ya kukhitchini,
mpweya nditaugwira.

Kenako magetsi adathima, sizachilendo.
Asiyatu, mwana wa malemu, adandigwirira foni,
kuwala kukunjenjemera m'dzanja lake.
"Abambo aang'ono, manambala awa ngachiyani?"

187 402.

Ndidati: ndi mtunda, mwanawe.
Muli mzere wa pachipata cha Beitbridge m'menemu,
muli kutentha kwa ku Tete,
muli malata a nyumba ino ndi yunifolomu yako,
ndi maulendo ena amene atate ako sadatiuze.
Sumani amadziwa munthu wobweza manambala m'mbuyo
kuti mtengo ukwere.
Koma ndani adabwezapo msewu?

Ndidabwezeretsa zonse, nkulumikiza batire,
nkupotoza kiyi.
Theka lidayaka, theka lidakana.
Ndidatukwana chamumtima, mwana ali pomwepo.
Kani mababu a masiku ano ali ndi mwambo wawo:
ukawalowetsa chotembenuza, sakuyankha.
Ndidamasulanso. Sikuluwu limodzi lidagwera mumchenga,
tidalisaka chokwawa, udzudzu ukutidya akakolo,
mpaka adana adamveka kumzikiti.

Kachiwiri.

Buluu adasefukira pagalasi,
nambala iliyonse ili mbee,
mpaka 260 amene msewu wa ku Liwonde sudzamuona.
Nkhope ya Asiyatu nayo idasanduka yabuluu,
ndipo pachipumi, pokhapokha pachipumi,
ndidaona Twaibu.

Koma singano ndidaibwezera mokhota.
Galimoto ili chiimire, mwala uli kutayala,
nkhuku zili m'tulo pansi pake,
singano ikuloza 40.
"Tikuthamanga!" adakuwa mwanayo,
nagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.
"Tikupita kuti?" ndidafunsa.
"Ku Namwera. Gwirani bwino, pa Chowe pali makona."

Ndidati ndikonza mawa.
Mawa lake ladutsa katatu.

Babu limodzi lokha sindidalisinthe,
lija la kuseri kwa makilomita.
Likadayaka chikasu chake chotopa
pakati pa buluu yense uja,
ndipo Sumani akuti ndidaliiwala.
Ndimangomuyankha kuti eya, ndidaliiwala.