Kalasi ya Madzulo

Magetsi athima kachiwiri.
Jenereta ikutsokomola kuseri,
nkhope ya mphunzitsi wathu wa kutsidya kwa nyanja
yauma pakhoma, kukamwa kuli yasa,
mawu atsakamira pakati pa kwawo ndi Lusaka.

Tilipo makumi awiri, tonse tachokera kuntchito,
nsapato zili mbuu, m'mimba muli zii.
Buku likusimba za kampani ya khofi
ya mumzinda wozizira umene sindidzaupondamo,
mmene inakulira mpaka kumeza misika.
Ndalemba mizere pansi pa mawu ofunika.
Palibe tsamba lotchula kwacha
imene imagona yonenepa n'kudzuka itawonda.

Mumdimamu ndikuona azakhali anga, a Tikambenji,
m'kasitolo kawo kopanikizika ku Kamwala.
Sukulu anailekeza giredi seveni
koma amadziwa tsiku limene chombo chanyamuka ku China,
amadziwa mnyamata wothamangitsa mapepala pa Nakonde,
amanenerera mtengo m'Chiswahili, kupereka moni m'Chibemba,
kutukwana m'Chinyanja lole ikachedwa.
Dola ikalumpha usiku
kukamacha asintha kale mitengo ya mapoto ndi maambulera
popanda kasitomala wothawa.
Ngongole za anthu zili m'kope lodontha mafuta a zitumbuwa,
za amasiye amazilemba ndi pensulo.

Magetsi abwera. Kukamwa kuja kwatsekeka.
Mphunzitsi apepesa, kenaka afunsa:
"Misika ikukula ndi yanuyo.
Ndani ali ndi chitsanzo cha kwanuko?"
Chete.
Mabvuto akukanda foni, Zelipa akuwerenga malata.
Ndikweza mkono, mtima uli thithithi.
"Azakhali anga..."
Wina aseka kumbuyo. Ndipitiriza.
Ndifika pa pensulo, kuseka kwatha.

Pakhoma paja munthu wawerama, akulemba.
Akuti ndimutchulire dzinalo chilembo chimodzichimodzi,
sakudziwa kuti dzinalo ndi funso
limene takhala tikulimeza m'kalasi muno chaka chonse.

M'minibasi ya ku Chawama ndiwaimbira:
"Azakhali, mwalowa m'maphunziro.
Akuti ophunzira a ku Mumbai ndi ku Jakarta adzakuwerengani."
Ndikumva akukoka chitseko cha chitsulo, loko ali khethe.
"Adzalipira zingati?"
Ndilibe yankho. Bukuli silinafike pamenepo.
"Chabwino. Mawa ulawire,
makatoni afika makumi atatu
ndipo maso anga ayamba kunama.
Ubwere ndi digiri yakoyo, idzanyamuleko."