Chibangili cha Zelipa

Gelesomu anatola mawaya ku Kamwala
ndi timabatire ta mafoni akufa,
nkumasokerera usiku pa zidutswa za lamba.
Ife tinkamuseka:
chikopa cha ng'ombe chikufunanji kwa magetsi?

Loweruka ku Kabwata holo inadzaza.
Pakhomo mnyamata wa chipewa chofiira
ankamanga aliyense kachibangili pamkono,
kakuda, kopepuka ngati khoko la mtedza.
Gelesomu anavala ziwiri,
natenthetsa ng'oma yake pambaula kuseri,
poti chikopa sichimva za batire.

Atamenya kamodzi, khu!
mikono mazana awiri inanjenjemera pamodzi.
Mayi wina anakuwa, mayo ine!
nkudzikutumula ngati wagwidwa ndi linthumbu.
Tinafa nacho chiseko.

Zelipa yekha sanaseke.
Mlongo wangayu malungo anamutseka makutu
asanayambe sukulu.
Ng'oma amaidziwa ndi maso:
manja okwera ndi kutsika,
thukuta, fumbi, mapazi a anthu ena.
Kumaukwati amakhala pafupi ndi mbale.

Anayang'ana mkono wake.
Anayang'ana manja a Gelesomu.
Anayang'ananso mkono,
ngati munthu amene waitanidwa dzina
m'tauni yomwe alibemo mbale wake.

Kenaka magetsi anathima,
monga achitira kuno osatsanzika.
Masipika zii.
Koma timabatire takufa tija sitinamve uthengawo:
mumdima zibangili zinkaphethira
ngati ziphaniphani zogwirizana chimodzi,
ng'oma ikati khu, zonse ng'ani.

Kuwala kumodzi kunachoka pampando.
Kunapita kutsogolo, kukudumpha,
kukuchedwa pang'ono, kenaka kukugwera ndendende.
Gelesomu anakuona.
Anachepetsa liwiro, nafunsa ndi dzanja lamanzere,
phazi la Zelipa linayankha pasimenti.
Anafunsanso mwaukali.
Linayankhanso, nkuwonjezera pake.
Sindikudziwa kuti ankatsogolera ndani.

Potuluka mnyamata uja anatolera zibangili m'katoni.
Zelipa anapereka chake mochedwa,
nasisita pomwe lamba anasiya mzere.

Mu minibasi ya ku Chawama
kondakitala ankakangana ndi munthu za chenji,
mvula ikudontha pawindo losatsekeka.
Iye anaika zala ziwiri pabondo langa
nayamba kugogoda: katatu, kupuma, kawiri.
Ine wamakutu ndinaphonya.
Anandimenya paphewa,
nayambiranso pang'onopang'ono
kuti ndimve.