Mwala Woyesera

Kuseri kwa Malangalanga, kumene ngalande imanunkha dizilo,
a Gwazeni amagula mafoni akufa.
Anyamata a ku Mchesi amabwera nawo m'majumbo,
osweka nkhope, otupa mabatire,
ena akadali ndi chomata cha timu ya mpira kumsana.
Ntchito yanga ndi kuwatumbula.

Ndimapala timizere tachikasu ndi lezala,
timano ta m'kati, timiyendo ta makompyuta
amene maofesi adatopa nawo.
Mafoni mazana awiri, milungu itatu ya chifuwa,
botolo la asidi lofuka utsi wofiirira
umene ngakhale ntchentche zimaulambalala,
ndiye pansi pa kambale kadothi
kadontho.
Njere imodzi ya mapira, yowala.
A Gwazeni amaiika pa sikelo atagwira mpweya
poti mpweya nawonso, amati, umalemera.

Lachiwiri lina mvula itangokata
kudafika mayi wa ku Kawale, matope mpaka m'akakolo,
Elube dzina lake.
Adamasula mfundo ya pa chitenje ndi mano.
Mphete.
"Bambo a kunyumba adatisiya m'mwezi wa Meyi.
Mtsikana wanga amusankha ku Bunda.
Tayesani."

A Gwazeni adaikhutiza pa mwala wakuda,
idasiya mzere wokongola ngati dzuwa la m'mawa pa lata.
Adadonthezapo asidi.
Golide sagwedezeka, amangokuyang'ana.
Uwu mzere udachita thovu, nubiriwira,
nuuma ngati malovu pa mbaula.

Mkuluyo adafunafuna mawu kudenga,
m'matumba, pansi pa tebulo.
Panja kondakitala ankakuwa za ku Likuni.

"Mkuwa," adatero mayiyo, kuwapulumutsa.
"Musavutike, ndinkadziwa.
Dzinja lililonse chala ichi chinkabiriwira,
ndinkachitsuka usiku iwo atagona.
Zaka makumi awiri ndi zinayi.
Ankati adaigula ku Joni, ndi malipiro a miyezi itatu,
ankanena pamaso pa alendo, chifuwa chili tototo.
Ndimangofuna ndimve kwa mwala,
mwina wolakwa ndinali ine."
Adaseka pang'ono, kuseka kopanda mano,
nabwezera mpheteyo pamalo pake
pamene khungu lidayera kale kuiyembekezera.

Ali pakhomo adatembenuka.
M'chikwama adatulutsa kafoni ka mabatani
komanga ndi mphira wa tchubu.
"Nanga aka? Sikayakanso. Kanali kawo."
A Gwazeni, amene amakangana ndi ana pa makwacha makumi asanu,
adawerenga mtengo wa mafoni khumi osayang'ana aliyense.
Sizikanakwana ngakhale matiresi a ku sukulu.
Mayiyo adapinda ndalamazo kanayi, napita kukakwera kabaza.

Madzulo ndidadula mphira uja.
Batani lobiriwira lidafufutika ndi chala chachikulu
cha munthu amene sindidamuonepo.
M'kati munali fumbi la ku Kawale, kachidutswa ka fodya,
ndipo pansi pa zonsezo
timizere tija, tating'ono ngati nsidze za khanda.
Ndidadonthezapo asidi, ndekha, osauzidwa.
Sitidagwedezeke.

Bamboyo adayenda naye golide weniweni m'thumba la malaya,
pafupi ndi mtima, osadziwa,
akuimbira mkazi wake kuti achedwa, asamudikire.

Ndidapala bwinobwino, osataya ngakhale kafumbi,
ndi kuthira m'botolo limodzi ndi za anthu ena:
za ogulitsa matimati, za mbava, za abusa,
mawu onse amene adadutsa m'timizere timeneti
a ngongole, a maliro, a "wafika pati?"
Moto sufunsa mwini.
Mwezi wamawa zidzakhala njere ina,
njereyo idzapita kwa wosula wa ku Bwalo la Njobvu,
ndipo tsiku lina Loweruka, galimoto zikuliza mahutala,
wina adzaiveka pa chala cha wina
nanena kuti ndi yatsopano.

Ine ndimatsuka manja kawiri, asidi amalumabe.
Ndikakwera minibasi ya ku Chinsapo
ndimapezeka ndikuyang'ana zala za amayi
zogwira mpando wakutsogolo.