Usiku wa Alandilodi

Magetsi anathima tisanadye.
Tinyade ndiye anamupeza kuseri kwa bafa,
atakhala phee m'matope a sopo,
mchira uli pansi, nthenga zitamatana ndi magazi.
Bakhayu timamutcha Alandilodi
chifukwa cha kayendedwe kake pabwalo,
koma tsikulo sanayendere munthu.

Dzira linabwera lalikulu ngati chibakera cha mwana,
ndipo potuluka linakoka khomo lomwe.
Nyama yofiira, yoyenera kukhala mkati,
inali panja, ikuombedwa mphepo ya ku Michiru.

A Makwinja anasuzumira pampanda wa malata:
"Atelala, mpeni mulibe?
Zingani akadali ndi mnofu,
mawa mudzadyetsa ntchentche."
Ndinangoti zikomo.

Ine ndine telala.
Pakhonde la sitolo ku Chilomoni
ndimatseka zong'ambika tsiku lonse,
mazipi, matumba a yunifomu,
m'khwapa mwa majekete a pakaunjika.
Koma ichi sichinkafuna singano.

Ndinawenga zikhadabo ndi sizasi yanga ya ntchito,
ndinasamba m'manja kawiri.
Madzi a pambaula ndinawayesa ndi chigongono
monga amayesera osambitsa khanda,
kamchere pang'ono, beseni lochapira lija.
Tinamukhazika m'menemo.
Sanalire. Abakha athuwa salira,
amangopuma mwamphamvu ngati munthu wokwera chitunda.

"Walitsa kuno."
Tochi ya foni inatsala ndi kamzere kamodzi.
Ndinachotsa mchenga, kaudzu, kanthenga kothyoka,
kenako shuga wa tiyi wa m'mawa
ndinamuwaza potupapo kuti paphwe.
Tinadikira.
Minibasi yomaliza inadutsa kumsewu ikuitana a m'tauni.

"Ababa, manja anu akunjenjemera."

Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo
ndinaima pakhonde la ku Gulupu
nditanyamula fulasiki ndi zitenje ziwiri.
Namwino anati abambo dikirani panja.
Ndinadikira bwino, sindinavute munthu.
Kutacha anandipatsa mwana
ndi zitenje zomwe zija, chimodzi chosafunyulula.
Sindinagwire kanthu usiku umenewo,
ngakhale beseni.

"Sakunjenjemera. Walitsa bwino, iwe."

Vasilini kuchala.
Pang'onopang'ono, osakankha,
kungoperekeza, monga ulowetsera lasitiki mumpendero,
mpaka nyama inakumbukira kwawo
n'kubwerera yokha.
Ndinasiya chala pomwepo
Tinyade akuwerenga mpaka handiredi,
ndipo atafika sikisite foni inazima.
Anapitiriza mumdima.

Tinamugoneka m'katoni ya sopo pansi pa tebulo la makina,
tinafunditsa chiguduli kuti aziyesa ndi usiku
thupi lileke kuumba mazira.
Madzi ambiri, madeya ochepa.
Wamphongo uja tinamutsekera kwa yekha,
anakhala akulusa ngati amulanda malo.

Mawa lake zinatulukanso.
Tinayambiranso: beseni, mchere, shuga wongongola pahokala.
Ndinati pakada kapena pakayamba fungo
ndimunyamula m'basiketi kwa a zaziweto,
ndipo akakana iwowo, a Makwinja adzabwereke mbale.
Sipanade.
Tiyi tinamwa wopanda shuga masiku atatu.

Lachisanu m'mawa ndikusesa
anatuluka yekha m'katoni,
anaima pakhomo, anagwedeza mchira kawiri,
n'kusiya chitosi chachikulu pasitepe yomwe ndinali nditangokolopa.
Ndinaitana mwana kuti adzaone.
Tinaima tonse awiri, atate ndi mwana,
kuyamikira chitosi.

Tsopano Tinyade amasinja makoko a mazira m'kamtondo
n'kusakaniza ndi chakudya chawo.
Alandilodi ayambanso kuyendera bwalo,
pang'ono motsimphina, koma mwaulamuliro.

Dzira lija likadali pawindo.
Lili ndi kamzere ka magazi kouma mbali imodzi.
Aliyense akuti akazinge mnzake.